Malo ophunzirira uloya ku England amatha digiri isanathe

  Lero pa pulogalamu ya maphunziro ndi ntchito nkhani ili pa achinyamata amene akufuna kukhala maloya ku England ndi Wales, ndi mmene amapezera malo ophunzirira ntchitoyi akachoka ku yunivesite.

M'mabanja ambiri a Amalawi ndi a ku Zambia okhala ku Manchester, Leeds kapena Leicester, mwana akalowa yunivesite kukaphunzira zamalamulo mitima ya makolo imakhala m'malo. Amawerenga zaka zitatu, n'kumati digiri ikatha mwana adzayamba kufuna ntchito. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Makampani akuluakulu a maloya ku London amasankha ophunzira ntchito awo kutatsala pafupifupi zaka ziwiri kuti ayambe. Wophunzira zamalamulo amafunsira malo ali m'chaka chachiwiri, ndipo wophunzira maphunziro ena, monga mbiri yakale kapena zachuma, amafunsira ali m'chaka chomaliza. Wodikira tsiku lovala gauni amapeza malo a anzake a kalasi imodzi atagawidwa kalekale, ngati mlimi woyamba kusosa mvula itagwa kale.

Tiyambe ndi kusiyanitsa njira ziwiri. Ku Malawi loya mmodzi yemweyo amalemba mapangano mu ofesi, mawa lake n'kukaima m'khoti. Ku England ntchitoyi inagawidwa pawiri. Pali ma solicitor, amene amalandira kasitomala, kumulangiza, kulemba mapangano ndi kukonza mlandu. Ndiye pali ma barrister, amene ntchito yawo yaikulu ndi kulankhula pamaso pa woweruza, ndipo ambiri mwa iwo amadzilemba okha ntchito. Malemu a Orton Chirwa anadzera njira yachiwiriyi ku Lincoln's Inn mu 1958, n'kukhala Mmalawi woyamba kufika pamenepo, ndipo akazi awo mayi Vera Chirwa anadzakhala loya woyamba wamkazi wa dziko lino. Koma masiku ano achinyamata ochuluka amalowera kwa ma solicitor, choncho tikhalitsa kumeneko.

Malo amene onse amalimbirana amatchedwa training contract. Ndi ntchito ya malipiro ya zaka ziwiri. Pa zaka zimenezi wophunzira amazungulira m'madipatimenti, kawirikawiri anayi, miyezi isanu ndi umodzi pa iliyonse. Akhoza kuyamba kwa oona za kugula ndi kugulitsa makampani, n'kupita kwa oona za ngongole za mabanki, kenako kwa a malo ndi nyumba, n'kumalizira kwa a milandu ya kukhoti. Paliponse amakhala pansi pa loya wamkulu amene amaona ntchito yake. Makampani monga Clifford Chance, Linklaters, Freshfields ndi Slaughter and May amalipira wophunzira wa chaka choyamba mapaundi oposa 50,000 pachaka, pamene ofesi yaing'ono ya m'tauni yakutali ndi London ikhoza kulipira pafupifupi theka la ndalamazo. N'chifukwa chake mafomu amasefukira ku makampani ochepa omwewo.

Mu 2021 bungwe loyang'anira ma solicitor, la Solicitors Regulation Authority, linasintha njira yonse pobweretsa mayeso a SQE. Tsopano munthu amafunika digiri ya phunziro lililonse, kukhoza magawo awiri a mayesowa, kugwira ntchito ya zamalamulo zaka ziwiri, ndi kuonetsa kuti ndi wa khalidwe loyenera. Gawo loyamba lili ndi mafunso 360 osankha yankho, m'mapepala awiri a mafunso 180 lililonse, ndipo pamene mayesowa analembedwa koyamba mu Novembala 2021 anakhoza anali 53 pa 100 alionse. Gawo lachiwiri lili ndi ntchito 16: kufunsa kasitomala, kulankhula ngati uli m'khoti, kufufuza lamulo, kulemba kalata ndi kulemba mapangano. Munthu amaloledwa kuyesa katatu kokha m'zaka zisanu ndi chimodzi. Ndalama ya mayeso okha imaposa mapaundi 4,000, osawerengera sukulu yokonzekera. Kampani yaikulu ikakusankha imalipira zonsezi, n'kukupatsanso ya m'thumba uli pa maphunziro. Kwa mwana wa banja limene mayi amagwira usiku ku nyumba yosamalira okalamba, kusiyana kumeneku ndi kwakukulu kuposa malipiro enieniwo.

Chabwino pa dongosolo latsopanoli n'chakuti zaka ziwiri za ntchito zija sizikakamizidwa kukhala pa kampani imodzi. Zikhoza kuphatikizidwa kuchokera m'malo okwana anayi: miyezi ingapo pa kiliniki ya zamalamulo ya pa yunivesite, chaka ngati paralegal (wothandizira maloya), miyezi ina ku bungwe lothandiza anthu kwaulere. Chofunika ndi chakuti solicitor atsimikize ntchitoyo. Wachinyamata wanzeru amapempha chitsimikizo chimenechi asanachoke pamalopo, chifukwa kufunafuna bwana wakale patapita zaka zitatu ndi chintchito.

Pa za khalidwe paja, mawu amodzi kwa ophunzira. Bungwe la Solicitors Regulation Authority lija limayang'ana milandu ya kupolisi, ngongole zosabwezedwa zimene zinafika kukhoti, komanso kubera mayeso kapena kukopera ntchito ya wina pa yunivesite. Chinthu chimene wachinyamata wa zaka 19 angachione chaching'ono usiku wothamangira kupereka asayimenti chikhoza kumutsata mpaka tsiku lolembetsa uloya. Ndipo kubisa kumaipa kuposa cholakwacho.

Tsopano kalendala. M'chaka choyamba makampani amaitana ophunzira kuti adzaone ofesi kwa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo amabweranso okha ku mayunivesite pa masiku okumana ndi ophunzira, chakumayambiriro kwa chaka cha sukulu. Cha mu Sepitembala ndi Okutobala amatsegula mafomu a vacation scheme, imene ndi ntchito ya patchuthi ya sabata imodzi, ziwiri kapena zitatu, yolipidwa. Ambiri amatseka mu Disembala kapena Januwale. Masabata amenewa ndiwo khomo lenileni, pakuti makampani ambiri amatenga gawo lalikulu la ophunzira ntchito awo kuchokera mwa anthu amene anawaona patchuthipo, ndipo ena satenganso kwina kulikonse. Kale tsiku lodziwika lotsekera mafomu a training contract linali 31 Julaye, ndipo ena akulisungabe, koma kudalira tsiku limeneli lokha n'kudzimana. Palinso makampani amene amawerenga mafomu pamene akufika, osadikira tsiku lotseka. Kumeneko wotumiza usiku womaliza amapikisana pa malo otsala.

Fomu yeniyeniyo ndi imene imagwetsa anthu ambiri, ndipo tiime pamenepa pang'ono. Mafunso ake amaoneka ophweka. N'chifukwa chiyani mukufuna uloya wa zamalonda? N'chifukwa chiyani mwasankha kampani yathu? Fotokozani nthawi imene munakumana ndi vuto n'kulithetsa. Yankho lililonse limapatsidwa malire, mwina mawu 250 kapena 300. Wowerenga ali ndi mulu wa mafomu, ndipo ambiri mwa iwo amanena zofanana: ndimakonda chilungamo kuyambira ndili mwana, kampani yanu ndi yotchuka padziko lonse, ndine wolimbikira. Mawu otere alibe umboni. Loya amadya za umboni, ndipo amene akuwerenga fomuyo akufuna kuona ngati wofunsirayo akudziwa kusiyana kwa kunena chinthu ndi kuchitsimikiza.

Njira yoyesera ndi iyi. Chotsani dzina la kampani pa yankho lanu, muikepo la kampani ina. Ngati yankho likumvekabe bwino, ndiye kuti silinanene kanthu za kampaniyo. Yankho lamphamvu limatchula ntchito inayake imene kampaniyo inagwira, dipatimenti imene imadziwika nayo, kapena zimene loya wake ananena pa tsiku lokumana ndi ophunzira, kenako n'kulumikiza zimenezo ndi zimene wofunsirayo anachitapo. Zoterezi zimapezeka pa tsamba la kampaniyo, mu Chambers Student Guide, mu Legal 500 ndi pa LawCareers.Net, zonse zaulere. Ndipo makampani amasintha. Mu Meyi 2024 Allen & Overy inaphatikizana ndi Shearman & Sterling ya ku New York n'kukhala A&O Shearman. Wolemba dzina lakale lero wadziulula yekha kuti sanawerenge. Kafukufuku wotere amadya nthawi, n'chifukwa chake mafomu asanu ndi atatu olembedwa mosamala amaposa makumi anayi okopera. Zida za pa kompyuta zolembera munthu nkhani zikhoza kuthandiza kukonza galamala, koma sizidziwa zimene iwe unachita Loweruka lapitali, ndipo pa intavyu udzafunsidwa za mzere uliwonse umene unatumiza.

Pali chinthu china chimene chimavuta ana athu makamaka. Tinaleredwa kuti kudzichemerera n'kusowa mwambo. Mwana wabwino amati tinachita, sanena kuti ndinachita. Ndi khalidwe lokongola pamudzi ndi kutchalitchi, koma pa fomu limabisa munthu. Tiyerekeze mtsikana wa ku Leeds amene kumapeto kwa sabata amagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Iye amaona ngati ntchitoyi ndi yochititsa manyazi poyerekeza ndi mnzake amene anakhalapo mu ofesi ya amalume ake loya, ndiye saitchula n'komwe. Komatu pa ntchito imeneyi amalemba malipoti a mankhwala amene salola kulakwitsa ngakhale nambala imodzi, amasunga chinsinsi cha odwala, amakhazika mtima pansi wachibale wokwiya pa foni. Akalemba kuti anaona kuti malipoti a usiku ndi a masana sakugwirizana, anakauza woyang'anira, anakonza pepala latsopano lolembapo, ndipo zolakwika zinachepa, wapereka umboni wa kusamala, kulimba mtima ndi kuganiza, zinthu zimene kampani ikufuna. Wogulitsa m'sitolo, msungichuma wa bungwe la ophunzira a ku Africa, womasulira makalata a boma kwa azakhali ake ongofika kumene, onsewa ali ndi nkhani zotere. Kunena zoona za ntchito yako si kudzikuza.

Ntchito ya zamalamulo yeniyeni imathandizanso, ndipo siifuna amalume. Mayunivesite ambiri ali ndi kiliniki yolangiza anthu kwaulere. Bungwe lolangiza anthu la Citizens Advice limalandira anthu odzipereka. Makhoti ambiri ndi otsegula, aliyense akhoza kukakhala kumbuyo n'kumamvetsera mlandu tsiku lonse osalipira kanthu.

Fomu ikadutsa, pamabwera mayeso a pa intaneti. Odziwika kwambiri ndi a Watson Glaser, kawirikawiri mafunso 40 m'mphindi 30, oyesa ngati munthu amatha kusiyanitsa zimene ndime yanena ndi zimene iye akungoganiza. Msampha wake ndi wakuti wodziwa zambiri amayankha kuchokera m'mutu mwake m'malo moyankha kuchokera pa zolembedwazo. Mayesowa amazolowereka poyeserera, ndipo zitsanzo zaulere zilipo. Makampani ena amawonjezera intavyu ya pa vidiyo, pamene funso limaoneka pa kompyuta, munthu n'kupatsidwa mphindi imodzi kapena ziwiri kuti ayankhe popanda womumwetulira. Kudzijambula pa foni kangapo, n'kudzionera wekha, kumachotsa mantha ambiri.

Otsala amaitanidwa ku tsiku loyesedwa, kumene amapatsidwa nkhani ya kampani yopeka kuti ailangize, amakambirana pagulu, amalemba kalata, ndipo pomaliza amakhala pansi ndi mmodzi wa eni kampani. Apanso mwambo wathu umafuna kuuwongolera. Mwana woleredwa bwino sayang'ana wamkulu m'maso ndipo samutsutsa. Koma loya wamkuluyo nthawi zina amatsutsa dala yankho labwino kuti aone ngati wachinyamatayo agwa msanga. Wongovomera kuti mwanena zoona bwana wataya mfundo. Chofunika ndi kumvetsera, kuvomereza pamene mfundo yawo ili ndi mphamvu, n'kufotokoza mwaulemu chifukwa chimene ukuimabe pamene unaima. Ulemu sutayika pamenepo. Kasitomala amalipira loya kuti amuuze zimene safuna kumva.

Mawu amene amaopsa ophunzira ambiri ndi commercial awareness, kumvetsa mmene malonda amayendera ndi mmene nkhani za m'nyuzipepala zimakhudzira kasitomala. Sizifuna digiri ya zachuma. Pakati pa Disembala 2021 ndi Ogasiti 2023 Bank of England inakweza chiwongoladzanja kuchoka pa 0.1 kufika pa 5.25 peresenti. Wofunsira malo ayenera kutha kutsata ulusi wake: ngongole ikakwera mtengo, makampani amachepetsa kugula anzawo, ntchito ya maloya a mbali imeneyo imachepa, pamene maloya oona za makampani olephera kubweza ngongole amatanganidwa. Kuwerenga Financial Times kapena kumvetsera nkhani zamalonda pa BBC mphindi khumi patsiku kwa miyezi isanu ndi umodzi kumapindulitsa kuposa kuloweza usiku umodzi.

Ndipo apa mwana wa kwathu ali ndi chuma chimene anzake alibe. Amene banja lake limatumiza ndalama kumudzi anaona ndi maso zimene zinachitika mu Novembala 2023 pamene kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Akudziwa tanthauzo lake kwa wamalonda amene anasaina pangano m'madola koma amagulitsa m'makwacha. Akafunsidwa za mlandu umene unamusangalatsa, sakakamizidwa kubwereza umene aliyense akutchula. Akhoza kufotokoza chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020, pamene majaji asanu, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Redson Kapindu, a Dingiswayo Madise ndi a Michael Tembo, anafafaniza chisankho cha pulezidenti wa Malawi cha 2019, khoti la Supreme n'kugwirizana nawo mu Meyi, ndipo bungwe la Chatham House la ku London komweko linawapatsa mphoto yake ya chaka chimenecho. Akhozanso kutchula mlandu wa Kafantayeni wa 2007, umene unathetsa lamulo lokakamiza woweruza kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha. Zigamulo za makhoti a dziko lino zimawerengeka kwaulere pa MalawiLII. Koma awerenge chigamulocho, asadalire zimene anamva pa WhatsApp, chifukwa funso lotsatira lidzakhala lakuti majajiwo anatsamira pa mfundo iti.

Thandizo lilipo kwa amene alibe owadziwa mu ntchitoyi. Mabungwe a SEO London, Rare Recruitment ndi Aspiring Solicitors amaphunzitsa achinyamata kulemba mafomu ndi kuyankha mafunso, n'kuwalumikiza ndi makampani. Law Society ili ndi Diversity Access Scheme yothandiza pa ndalama za maphunziro. Freshfields ili ndi thandizo la maphunziro lotchedwa dzina la Stephen Lawrence, mnyamata wakuda amene anaphedwa ku London mu 1993, lopita kwa anyamata akuda ochokera m'mabanja osapeza bwino. Zina mwa izi zimafuna munthu alembetse ali m'chaka choyamba. Ndiponso London si dziko lonse. Boma limaphunzitsa maloya ake kudzera ku Government Legal Department ndi Crown Prosecution Service, makhonsolo amatenga ophunzira ntchito, ndipo maofesi a ku Birmingham, Bristol ndi Newcastle amapereka ntchito yabwino kumene lendi siimeza malipiro onse.

Za ma barrister tinene mwachidule. Wofuna njirayi amalowa limodzi mwa mabungwe anayi akale, Lincoln's Inn, Gray's Inn, Inner Temple kapena Middle Temple, amachita kosi ya ubarrister, kenako amafuna pupillage ya miyezi 12. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba amatsatira mphunzitsi wake, yotsalayo amayamba kuima yekha m'khoti. Mafomu amadzera pa Pupillage Gateway kumayambiriro kwa chaka ndipo mayankho amatuluka mu Meyi. Malo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi omaliza kosiyo, choncho asanalipire kosi yodulayo ayambe wafunsira thandizo la ndalama ku mabungwe anayi aja, limene mafomu ake amatseka kumayambiriro kwa Novembala chaka chimodzi kosi isanayambe. Omvera a ku Glasgow ndi Edinburgh adziwenso kuti Scotland ili ndi malamulo ake ndi njira yakeyake, zimene tanenazi si za kumeneko.

Nanga wophunzira wa ku Zomba, kapena loya wachinyamata wa ku Blantyre ndi Lilongwe amene akumva izi? Khomo silotseka. Gawo loyamba la SQE limalembedwanso m'maiko ena kunja kwa Britain, ngakhale mayeso olankhula a gawo lachiwiri amachitikira ku England ndi Wales. Loya amene analandiridwa kale kukhoti kwawo safunikanso zaka ziwiri za ntchito zija. Koma kukhoza mayeso si chilolezo chogwira ntchito. Pamafunika visa, ndipo si kampani iliyonse imene ili ndi chilolezo cholemba munthu wochokera kunja. Malamulo a visa amasinthasintha, choncho awerengedwe pa tsamba la boma la Britain lenilenilo. Ndipo mverani bwino apa: palibe kampani yoona ya maloya imene imagulitsa malo ophunzirira ntchito. Munthu wokuuzani kuti mutumize ndalama kuti akupezereni training contract kapena kalata ya visa ndi wakuba, ngakhale atalankhula Chichewa chokoma chotani.

Kukanidwa kudzabwera. Maloya ambiri amene lero ali pa mipando yabwino anapeza malo pa chaka chachiwiri kapena chachitatu chofunsira, ena atayamba agwira ngati paralegal. Amene wafika pa tsiku loyesedwa n'kulephera apemphe kuti amuuze pamene anafooka, pakuti makampani ambiri amauza ofika pamenepo, ndipo alembe zimene wauzidwazo tsiku lomwelo. Makolo nawo achepetse funso lakuti ntchito ija ili pati. Funso lothandiza ndi lakuti fomu yotsatira ikutseka liti, ndipo ndani waiwerenga.

Kwa inu ophunzira a chaka choyamba ndi chachiwiri, sabata ino isathe musanapite ku ofesi yolangiza za ntchito pa yunivesite yanu. Sankhani makampani asanu, mulembe masiku awo otsegulira ndi otsekera mafomu papepala, mulipachike pamene mumaliona tsiku lililonse.